Mbewu ya Kuseri kwa Bafa

Mutu 5

1. Chomera chopanda dzina

Kuseri kwa nyumba ya lendi imene Namzeze ankakhala ndi amayi ake kunali kadimba kotalika ngati mphasa zitatu, kopanikizika pakati pa bafa ndi mpanda wa malata. Amayi ankadzalamo tomato, anyezi ndi kabichi, ndipo wothirira anali Namzeze, m'mawa uliwonse asanapite kusukulu. Dzina limeneli anam'patsa ndi anthu a pamdadadapo chifukwa mtsikanayu sankadziwa kukhala pansi. Ukamuona pampopi, kuphethira kamodzi ali kale pachingwe kuyanika zovala.

Mvula itagwa kawiri, pakona ya bafa panamera chinthu chimene palibe anachidzala. Chinayamba ngati mbande ya biringano. Pasanathe miyezi itatu chinali chitafika m'chiuno mwa Namzeze, tsinde lake lofiirira, masamba akuluakulu okhala ngati wina wawang'amba m'mbali. Kenaka chinachita maluwa oyera, aataliatali ngati malipenga. Maluwawo atafota panatsala zipatso zazikulu ngati dzira la nkhuku, minga yokhayokha.

Kale pamdadada ngati umenewu sipakanasowa munthu wodziwa udzu uliwonse ndi dzina lake, wongouyang'ana n'kunena kuti uwu n'ngodya, uwu musauyandikire. Anthu amenewo anatha, ndipo palibe anawafunsa kanthu asanathe. Otsalawa amadziwa mayina a mafoni. Choncho chomeracho chinakula popanda wochitchula dzina, mpaka amayi anachipezera mwini.

Bambo ake a Namzeze anapita kunja kukagwira ntchito zaka zinayi zapitazo, atalonjeza kuti abwera ikatha miyezi khumi. M'zaka zonsezo chimene chinafika pakhomopo ndi phukusi limodzi: juzi yomwe inam'thina Namzeze tsiku lomwelo, ndi njere zokulungidwa m'kapepala polembedwa kuti, "Mudzale, muzindikumbukira." Amayi anadzala pakona ya bafa pomwepo. Chaka chinatha, chinanso chinatha, sipanamere ngakhale katsamba. Tsono chitatulukira chachilendochi, amayi anasiya makina awo osokera pakhonde, nakaima pakonapo manja ali pachifuwa, n'kunena kuti mbewu ya amuna awo yadzuka.

Namzeze anawakumbutsa kuti eni nyumba anathira pamenepo dothi lodzadza lole, lochokera kudzala, pokwirira ngalande. Amayi anamuyang'ana mpaka mtsikanayo anatsitsa maso. Kuyambira tsiku limenelo chomeracho chinayamba kumwa ndowa yathunthu, tomato n'kumagawana zotsala. Lamulo linaperekedwanso: wodula nthambi yake, kapena wotulutsa nkhani yake kunja kwa mpanda, aone kolowera.

2. Azakhali apeza mankhwala

Lamulungu masana kunabwera azakhali, mlongo wawo wa bambo. Anali mayi wosasowa yankho. Munthu akangoyetsemula, iwo amakhala atadziwa kale matenda, mankhwala ake, ndi amene wam'patsira.

Tsiku limenelo Mzime, mng'ono wake wa Namzeze wa zaka zisanu, anali atagona pampando chifuwa chikuimba mluzu. Anali ndi mphumu, ndipo kuchipatala anam'patsa kabotolo kopopera m'kamwa. Azakhali ankadana nako kabotoloko. Ankati kamam'phunzitsa mwana ulesi wopuma yekha.

Amayi atawaonetsa chomeracho, azakhali anajambula tsamba ndi foni yawo. Foni inati biringano. Anajambula duwa, foni inati kakombo. Kachitatu inatulutsa dzina lalitali limene sanathe kuliwerenga, ndipo anaibweza m'chikwama nati netiweki yavuta. Kenaka ananunkhiza tsamba, nakwinya mphuno, nalengeza kuti chonunkha chotere sichingakhale china koma mankhwala.

"Mlamu," anatero, "achimwene si munthu wotumiza maluwa. Anadziwa kuti asiya mwana wachifuwa, n'chifukwa chake anatumiza mtengo umenewu. Kumene aliko anthu sathamangira kuchipatala ngati inu. Muthyole masamba khumi, muwayanike, ine ndibwera Lachitatu ndidzawiritse ndekha. Makapu awiri okha, kabotolo kanuko mudzakaponya m'chimbudzi. Ndipo musakafunse anthu. Anthu a pano ndi ansanje. Akamva kuti muli ndi mankhwala a kunja, mudzadzuka n'kupeza dzenje lokha."

Namzeze anafunsa kuti dzina la mtengowo ndi chiyani. Azakhali anati dzina sililowa m'kapu. Anafunsanso ngati iwo anamwapo. Apa azakhali anatembenukira kwa amayi n'kufunsa ngati ku fomu 2 masiku ano akuphunzitsa kuzenga akuluakulu mlandu.

Amayi anam'tuma Namzeze kukathyola masambawo. Anathyola, nawayala pachiguduli padenga la bafa.

3. Diso lakumanja

Lolemba m'mawa amayi anamuuza Namzeze kuti awatembenuze masamba aja ndi kuwonjezerapo awiri, popeza anali atafota n'kuoneka ochepa. Anathyola ndi manja, madzi ake akumata m'zala. Thukuta linalowa m'diso lakumanja. Analitikita ndi chala, natenga chikwama n'kuthamangira belu.

Phunziro loyamba linadutsa bwino. Pa lachiwiri, la zaulimi, zilembo za m'kope zinayamba kusungunuka. Kuwala kwa pawindo kunkam'baya ngati singano, ndipo anaphimba disolo ndi chikhatho.

Aphunzitsi a zaulimi anali bambo wa imvi amene ana ankawatcha a Manyowa, chifukwa phunziro lililonse, ngakhale la nkhuku, linkathera padzenje la manyowa. Atamuona Namzeze ataphimba diso anafunsa ngati m'kalasi mwawo mwalowa ng'ona, poti ndi yokhayo imene imagona ndi diso limodzi. Kalasi inaseka. Namzeze atachotsa dzanja, a Manyowa sanasekenso. Anapatsa kalasi ntchito, nam'tulutsa pakhonde, atabwereka kagalasi kwa mtsikana wina.

M'galasimo kamwana ka diso lakumanzere kanali kakang'ono monga mwa masiku onse. Ka kumanja kanali katakula, diso lonse lili bii ngati la mphaka mumdima.

Anamufunsa ngati wagunda mutu, ngati wathira mankhwala m'diso, ngati wamwa piritsi. Zonse anakana. Atamufunsa chimene wagwira m'mawa umenewo, Namzeze anayang'ana nsapato zake. Anati amayi anamuletsa kunena.

"Chabwino, mwanangu," anatero a Manyowa. "Diso ndi lako, ndipo mwina lichira. Koma chinthu chimene chatsegula diso chonchi pongochikhudza, ndikufuna ndidziwe ngati pali wina amene akuti achimeze."

Namzeze anakweza mutu. Anafotokoza zonse, kuyambira dothi la lole mpaka makapu awiri a Lachitatu.

A Manyowa anamuimika pampopi, asambe m'manja ndi sopo kawiri, atsuke diso ndi madzi oyera mpaka kolala inanyowa. Kenaka anam'patsa majumbo a pulasitiki atatu, sizasi yodulira mitengo, ndi chipewa chawo kuti atchinge dzuwa. Kwawo kwa Namzeze kunali kuseri kwa sukulu komweko. Anamuuza kuti avale majumbo awiri m'manja, adule nthambi imodzi yokhala ndi tsamba, duwa ndi chipatso, aimange m'jumbo yachitatu, ndipo asadzigwire kumaso mpaka atasambanso. Anawonjezera kuti ngati akuopa amayi ake, apita okha madzulo.

Namzeze anati madzulo ndi kutali.

Analowera pakageti ka kuseri. Pakhonde la kumaso makina ankalira, amayi akukangana ndi kasitomala za kutalika kwa siketi. Sizasi italuma nthambi, makinawo anaima. Namzeze nayenso anaima, osapuma. Makina atayambiranso, anamanga jumbo n'kutuluka.

4. A Manyowa atsegula buku

M'chipinda chosungiramo makasu a Manyowa anayala nyuzipepala patebulo, nakhuthulirapo nthambiyo osaigwira. Anatulutsa buku lokalamba, lachikuto chomatidwa ndi tepi. Sananene dzina msanga. Anayamba ndi tsamba, kuyerekeza m'mbali mwake ndi chithunzi. Kenaka tsinde. Kenaka duwa, kulitembenuza ndi pensulo. Pomaliza chipatso. Chilichonse ankamuuza Namzeze kuti aone yekha ndi diso labwinolo, anene ngati zikufanana. Zinayi zonse zitagwirizana, anatseka buku.

"Tamvera, ndipo ukanene monga ndikunenera," anatero. "Chomera chimene sunadzale ndi mlendo amene walowa osagogoda. Sum'patsa mwana kuti am'nyamule usanadziwe kwawo. Uwu m'mabuku timautcha datura. Umakonda kudzala, m'mbali mwa msewu, ndi paliponse pamene pathiridwa dothi lachilendo. Njere zake zimatha kugona m'nthaka zaka zambiri, kudikira khasu. Muzu, tsinde, tsamba, duwa, njere, zonse ndi poizoni, ndipo kuyanika kapena kuwiritsa sikuchotsa kanthu. Woumwa amauma kukhosi, thupi limatentha, mtima umathamanga, amayamba kuona zinthu zomwe palibe ndi kulankhula ndi makoma. Wamkulu mwina adzuka mawa lake ndi manyazi okha. Mwana wa zaka zisanu akhoza osadzuka. Ndipo wina asakunamize kuti akudziwa muyezo, chifukwa masamba awiri a mtengo umodzi mphamvu zake n'zosiyana."

Anakankha nthambiyo ndi pensulo kuibwezera m'jumbo.

"Chomera chosachidziwa sulawa, sununkhiza pafupi, sugwira ndi manja osavala. Foni ikakuuza dzina, yakuuza chongoganiza, ngati munthu wa pamsewu amene sakufuna kuoneka wosadziwa njira. Umafunsa wodziwa, ndipo wodziwayo akuonetse chifukwa chake. Pochotsa uwu muvale m'manja, muuzule ndi mizu yomwe, muumange m'thumba zipatso zisanamwaze njere. Musauotche, utsi wake ndi woipanso. Musauponye padzenje la manyowa kapena pamene pamafika ana ndi ziweto. Mukumbe dzenje lakuya, muukwirire uli m'thumba. Wina akameza, musam'sanzitse, musam'mwetse mkaka, musadikire kuti tione mawa. Muthamange naye kuchipatala, mutanyamula nthambi kuti adokotala asataye nthawi ndi kulota."

Namzeze anafunsa kuti nanga bwanji azakhali ananena motsimikiza chotero. A Manyowa anavula magalasi awo, nawaika patebulo mwamphamvu ndithu.

"Chimene chimandikwiyitsa ine si mtengowu ayi. Mtengo sunanamize munthu, minga yake yaonetsa poyera. Chimandikwiyitsa ndi munthu wamkulu, wa mano onse, amene akuona kuti kunena kuti sindikudziwa n'kuvula. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Inde. Koma akulu amene ankanenedwa pamenepo anali anthu oti akakayika tsamba amayenda tsiku lathunthu kukafunsa mnzawo. A lerowa atenga ulemu wa akulu aja, ntchito yake aisiya. Azakhali ako uwalemekeze, uwalandire chikwama, uwapatse mpando. Koma kapu imeneyo isafike pamlomo pa mng'ono wako."

Kenaka anamufunsa kuti njere zimene bambo ake anatumiza zinali zotani. Namzeze anakumbukira bwino, poti ndiye anakumba timaenje. Zinali zoyera, zaphwatalala, zazikulu ngati chikhadabo. A Manyowa anatsegulanso buku namuonetsa njere za datura: zakuda, zazing'ono ngati mutu wa machesi. Anafunsanso kumene kuli masamba oyanikidwa aja, ndipo atamva kuti ali padenga la bafa anati akafika ayambe ndi amenewo.

Anapita naye okha kwa anamwino a kachipatala ka pafupi ndi sukulu. Anamwino anamuunika diso, anamumva mtima, nafunsa ngati kukhosi kwauma. Anati disolo libwerera mwakale pakapita masiku angapo, alitchinge kudzuwa, ndipo likapanda kusintha kapena akamva chizungulire abwerenso. Zonsezi anazilemba pakapepala kopita kwa amayi. Mzere wa odwala unali wautali, moti potuluka dzuwa linali litapendeka.

5. Njere zakuda

Namzeze sanafike kubafa. Amayi anali ataima pakati pa kadimba, tepi yoyezera ili m'khosi, chala chikuloza pachilonda cha nthambi yodulidwa.

Sanakweze mawu, poopa makutu a kuseri kwa mpanda, koma mawu aliwonse ankatuluka otentha. Anati wawavula pamaso pa anthu. Anati mawa sukulu yonse idziwa kuti mkazi wosiyidwa uja amathirira tchire. Anati chinthu chimodzi chokha chimene bambo ake anasiya chamoyo pakhomopo, iye wachitengera kwa anthu achilendo ngati umboni wa kukhoti.

Namzeze anavula chipewa cha a Manyowa, nayandikira mpaka amayi anaona diso lija. Anawapatsa kapepala ka anamwino. Amayi anawerenga milomo ikugwedezeka, nabwerezanso. Kenaka anati mwina ndi fumbi la choko.

"Amayi, ine ndangogwira ndi chala," anatero Namzeze mwaukali. "Mzime mukuti amwe makapu awiri. Bambo sanabwere pamene Mzime anagonekedwa m'chipatala chaka chatha. Sanaimbe n'komwe. Lero tiwapatse ulemu wa mankhwala amene sanatumize, mwana n'kufa nawo? Njere zawo zija munazigwira ndinu. Zinali zotani?"

Namzeze anawapatsa majumbo awiri. Amayi anawavala m'manja. Analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi sizasi yakale, yosadulanso nsalu, ndi nyuzipepala. Pansi pa nthambi panali chipatso chimodzi chimene chinali chitauma n'kuyamba kung'aluka. Anachidula, nachitsegulira panyuzipepalapo. Munatuluka njere zakuda, zazing'onozing'ono, zosawerengeka.

Amayi anakhala pandowa yovundikira.

"Zija zinali zoyera," anatero motsitsa. "Zinali zisanu ndi ziwiri. Ndiye kuti zinaola kalekale."

Namzeze anadikira misozi ya amayi ake, koma sinabwere. Amayi anaimirira n'kufunsa kuti aphunzitsiwo anati chichotsedwe bwanji. Mtsikanayo anabwereza zonse mwandondomeko, ndipo amayi sanam'dule pakamwa ngakhale kamodzi. Anavala malaya a manja aatali, natenga khasu okha. Namzeze atafuna kuwalandira anamukankha ndi chigongono, nati iye lake walipira kale ndi diso. Anadula zipatso chimodzichimodzi kuziponya m'thumba, kenaka anakumba mozungulira mpaka muzu unatuluka wonse. Miyezi itatu ya ndowa zathunthu inalowa m'thumba la feteleza, pakamwa pake n'kumangidwa ndi chingwe cha nsalu.

Apo ndi pamene Namzeze anakumbukira zoti ayambe ndi masamba. Anakwera pandowa, napisa dzanja lovala jumbo padenga la bafa. Anapapasa uku ndi uku. Anadzikweza ndi zigongono kuti aone ndi diso labwinolo.

Padenga panalibe masamba. Panalibe ngakhale chiguduli.

Anafunsa amayi ngati awachotsa ndi iwo. Amayi anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Azakhali ako anabwera masana," anatero. "Ndi iwo anandionetsa nthambi yodulidwayi. Anati iwe utisokoneza Lachitatu lisanafike. Kenaka anati akam'tenga okha Mzime kusukulu ya mkaka, akaswere kwawo, ine ndimalize madiresi a anthu. Ndinavomera. Pochoka anatulukira kuseri kuno."

Anavula jumbo ya dzanja limodzi ndi mano, Namzeze asanawaletse, nalavula, natulutsa foni m'thumba la diresi. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Inaitana, inaitana, palibe woyankha.

Kwa azakhali kunali kutsidya kwa msika, ulendo wa theka la ola kwa munthu wothamanga, ndipo ana a sukulu ya mkaka anali ataweruka maola awiri apitawo.

"Tenga kabotolo ka Mzime patebulo," anatero amayi. "Tenganso nthambi imodzi m'thumbamo, uimange bwino."

Pamene Namzeze ankatuluka m'nyumba, kageti kanali pululu. Amayi anali atafika kale pamsewu, tepi ikuuluka kumbuyo kwawo, chitseko chosatseka, makina ali pakhonde ndi diresi la mwini lili pasingano.